Mboni za pa mabwalo a fumbi

Nyuzipepala imafika mochedwa kuno ku Muloza. Imanyamuka ku Blantyre, n'kudutsa m'minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje, ndipo pamene ikufika kumalire kuno, komwe msewu umathera pamtsinje n'kuyamba dziko la Mozambique, kawirikawiri imakhala ya dzulo, mwinanso yabwera itakulunga katundu wa munthu wochokera ku Limbe. Komabe imawerengedwa mpaka kuthetheka, ndipo ambiri a ife timaiyambira kumbuyo, kumene kuli tsamba la zamasewero. Tikudziwa kuti nanunso abale athu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota mumatero, ngakhale si onse angavomere pamaso pa ashehe.

Anthu amene amadzaza tsamba limeneli sathokozedwa kwenikweni. Wosewera akamwetsa chigoli amanyamulidwa m'mwamba, mphunzitsi akapambana chikho amajambulidwa, koma amene anakhala padzuwa ndi kabuku m'manja kulemba kuti chigolicho chalowa mphindi yanji, dzina lake limangokhala timalemba ting'onoting'ono pansi pa mutu wa nkhani. Chipembedzo chathu chimawerengera kuthokoza anthu ngati mbali ya kuthokoza Mwini wake Allah, choncho ngongole imeneyi ndi yathu.

Ena adzafunsa kuti mwalimu wa madrasa akufunanji pankhani za mpira. Funsoli si lachabe, ndipo tiliyankha mwachidule. Mabuku a Hadith amatiuza kuti Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anapikisanapo liwiro ndi mayi Aisha, ndiponso kuti anawalola kuonerera anthu a ku Habasha akusewera ndi mikondo mumzikiti wa ku Madina. Masewero paokha si mdani wa Msilamu. Chimene chimawaipitsa ndi zimene zimakwera pamsana pake, monga juga, kutukwana, ndewu ndi kutaya swala. Koma chimene chatikoka kwambiri ndi china. Ife amene tinakhala zaka m'makoleji a Chisilamu tinaphunzitsidwa kukayikira nkhani iliyonse mpaka titadziwa amene waibweretsa. Akatswiri onga Imam Bukhari, amene anamwalira m'chaka cha 870, sankalandira mawu chifukwa choti akukoma m'khutu. Ankafunsa kuti wanena ndani, iye anamva kwa yani, kodi awiriwo anakumanadi. Mwa wonena nkhani ankafunamo zinthu ziwiri: akhale wolungama, wosanama ngakhale pazing'onozing'ono, komanso akhale wosunga bwino, wosasokoneza mayina ndi mawerengero. Munthu ankatha kukhala wopemphera usiku wonse koma nkhani zake n'kukanidwa chifukwa choiwalaiwala. Makolo athu kuno anali nayo nzeru yomweyo pamene ankati kandimverere adakanena za m'maluwa.

Tikawerenga tsamba la zamasewero ndi maso amenewa, timazindikira msanga mlembi amene analipo pabwalo ndi amene anangoimbira foni mnzake. Amene analipo amakuuzani kuti mvula inagwa chigawo chachiwiri, kuti mpira unkaima m'matope pafupi ndi golo, kuti wotchinga kumbuyo uja anasewera akutsimphina chifukwa pabenchi panalibe wolowa m'malo mwake. Oimbira akalakwitsa, amanena kuti walakwitsa popanda kutukwana mtundu wake. Timu imene amaikonda ikagonja, amalemba kuti yagonja, osadzaza ndime zitatu ndi zifukwa. Owerenga sapusitsika pazimenezi. N'chifukwa chake mayina onga a Garry Chirwa ndi a Peter Kanjere, amene takhala tikuwaona pamwamba pa nkhani zamasewero kwa zaka zambiri, amatchulidwa m'magulu a okonda mpira ngati mayina a anthu apamudzi, ndipo mawu a Steve Liwewe Banda pa wailesi ya MBC akadali m'makutu mwa anthu amene sanapondepo pa Kamuzu Stadium.

Pafupifupi zonse zimene tikudziwa za mpira wa dziko lino tinazilandira kwa anthu otere. Pamene Malawi inkatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979, ambiri a msinkhu wathu tinali tisanabadwe kapena tili kumsana. Cha 1988 tinachimvera pawailesi ya abambo athu. Zigoli 71 zimene Kinnah Phiri anamwetsera dziko lino zikanakhala nthano yotsutsana pabawo pakanapanda wina wozilemba chimodzichimodzi. Chimodzimodzinso tsiku lija mu 2010 ku Angola pamene Flames inathira Algeria zigoli zitatu kwa duu, kapena chigoli cha patali cha Gabadinho Mhango pokumana ndi Morocco ku Cameroon mu January 2022.

Koma masiku akuluakulu ngati amenewo sasowa wolemba. Ulemu wathu waukulu ukupita kwa amene amalemba za mpira umene ulibe kamera: wa m'sukulu za sekondale, wa m'makoleji, wa m'maligi a m'zigawo. Kumeneko kulibe mpando wa atolankhani, kulibe mndandanda wosindikizidwa wa osewera. Mlembi amayenera kutsikira yekha m'mbali mwa bwalo n'kufunsa mwana aliyense dzina lake, ndipo nthawi zambiri ulendowo wadzilipirira yekha. Mu 2024 timu ya FOMO, yochokera ku bungwe losamalira ana amasiye la Friends of Mulanje Orphans, inasewera mu Super League, ndipo matimu amene tinkangowamvera pawailesi anabwera pa Mulanje Park, ulendo wa basi imodzi kuchokera kuno. Anthu a m'mizinda ena anadabwa kuti timuyi yatulukira kuti. Ife sitinadabwe, chifukwa panali olemba ndi owulutsa ochepa amene ankatiuza zotsatira zake ikadali m'ligi ya m'chigawo cha kumwera, nthawi imene nkhani yake inkapatsidwa mizere isanu pansi pa tsamba. Timu ya Mzuni, imene inaphuka pa Mzuzu University n'kufika mu ligi yaikulu, inadutsa njira yomweyo. Nawo mpira wa basiketibolo, umene ana ambiri a kuno sanauonepo ndi maso, tikudziwa kuti ku Lilongwe kuli timu ya Bravehearts yomwe yakhala ikuimira dziko lino kunja, chifukwa wina anaona kuti n'koyenera kuzilemba.

Ku America zinthu zili mwina. Kumeneko mpira wa m'makoleji uli ndi ochemerera ochuluka ngati wa akatswiri olipidwa. Bwalo la yunivesite ya Michigan limalowa anthu oposa 100,000 kudzaonera ophunzira akusewera mpira wawo wa chi America uja, ndipo mwezi wa March uliwonse dziko lonse limatsatira mpikisano wa basiketibolo wa makoleji. Alipo atolankhani amene moyo wawo wonse amalemba za sukulu imodzi yokha. Hakeem Olajuwon, mnyamata wa Chisilamu wa ku Lagos amene ali mwana ankagwira pagolo mumpira wamiyendo, anadziwika akusewerera University of Houston, ndipo pofika 1984, pamene anasankhidwa woyamba kulowa mu NBA, mbiri yake inali italembedwa kale masewero ndi masewero. Pambuyo pake anatenga chikho ndi Houston Rockets mu 1994 ndi 1995, ndipo ankasewera ali pa swaumu m'mwezi wa Ramadhan. Sitikusirira ndalama zawo, zomwe zili ndi mavuto akezake. Tikusirira chizolowezi chosunga mbiri ya mwana asanatchuke, pakuti m'mera m'poyamba.

Chimene chatikakamiza kulemba ndi zimene tikuona mwa ana amene timawaphunzitsa masana akaweruka kusukulu. Mnyamata wa zaka 12 akhoza kukutchulirani osewera onse a Liverpool, n'kukuuzaninso kuti Mohamed Salah amagwetsa mphumi pansi akamwetsa chigoli, koma sadziwa dzina la goloboyi wa sekondale imene mkulu wake amaphunzirako. Izi zokha sizikanatidetsa nkhawa. Chodetsa nkhawa n'chakuti m'nyumba zoonetsera mpira pa Limbuli ndi m'mafoni a achinyamata, masewero asanduka manambala obetchera. Wobetcha safuna kudziwa kuti wosewera ndi mwana wa yani kapena kuti wavutika bwanji kuti afike pamenepo. Amangofuna kuti zigoli zipitirire ziwiri kuti tikiti yake idye. Taona ndalama ya feteleza ikuthera mmenemo, ndi njinga ya kabaza ikugulitsidwa. Juga ndi haramu, ndipo timanena zimenezi pa mimbari Lachisanu lililonse likatipatsa mpata. Koma tazindikiranso kuti mlembi wabwino wa zamasewero amagwira mbali ya ntchito yomweyi ndi chida china, chifukwa amabwezera nkhope ndi mayina pamene juga inaika manambala. Mwana amene wawerenga za mnzake wa ku Phalombe woyenda wapansi kupita kokonzekera masewero amayamba kuuona mpira ngati ntchito ya anthu.

Mmodzi wa ophunzira athu anatchulidwapo pawailesi ya m'dera lino atamwetsa zigoli ziwiri pampikisano wa sukulu. Dzinalo linanenedwa kamodzi kokha, molondola, pamodzi ndi la bambo ake. Bambowo, amene ankati mpira ndi wa anyamata osowa chochita, anafika kumadrasa mawa lake kudzatifunsa ngati nafenso tinamva. Chiyambire tsikulo mnyamatayo sitinamuonenso pakhomo la nyumba zobetchera, ndipo tikaona mmene amasungira nthawi ya Asr asanathamangire kubwalo, timaganiza kuti akudziwa kuti tsopano ali ndi dzina loti alisamale.

Pothokozapo tili ndi pempho. Mayina athu amavulala kwambiri m'manyuzipepala. Abdulrazaq amasanduka anthu awiri, Twaibu amalembedwa mwina lero mwina mawa, ndipo mtsikana wa ntchemberembaye wa ku Makanjira amangotchedwa "wosewera wina". Kwa mlembi ndi chilembo chimodzi, koma kwa agogo amene asunga kapepalako m'chikwama pamodzi ndi masatifiketi ndi nkhani yaikulu. Tikupemphanso kuti masamba a Chichewa onga Tamvani ndi Tikambe, komanso Radio Islam, azipatula malo a mpira wa m'sukulu za kumidzi, osati wa Bullets ndi Wanderers wokha, womwe uli kale ndi olemba okwanira.

Mtolankhani sangafike pabwalo lililonse kuyambira Muloza mpaka Nkhotakota, choncho kuno tayamba kumupeputsira ntchito. Tinagula kope la masamba 96, ndipo masewero a ana athu akatha timalembamo tsiku, bwalo, zigoli, mayina athunthu a omwetsa ndi dzina la oimbira. Aphunzitsi a matimu onse awiri amasainira pansi, wopambana ndi wogonja yemwe, tisanatumize uthengawo pafoni kwa owulutsa. Loweruka lapitali wogonja anakana kusaina mpaka titakonza mphindi ya chigoli chachiwiri, ndipo tinaikonza.