Uthenga wofika pakati pa usiku

Mu Malichi 2023, Ramadhani itatsala pang'ono kuyamba, namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukokolola nyumba za ku Chilobwe. M'dziko lonse munafa anthu oposa 1,000. Ovulala ambiri a mumzinda uno ankathamangira nawo ku chipatala cha Gulupu, ndipo ena mwa owalandira anali achinyamata amene anali asanatsirize n'komwe kuphunzira udokotala.

Mmodzi wa iwo tinamuphunzitsa ku madrasa ali wamng'ono, makolo ake atangomutumiza kuno kuchokera kunyanja. Patapita milungu ingapo, uthenga wake wa pa WhatsApp unatipeza pakati pa usiku. Anati: "Mwalimu, tulo sindikupeza. Ndikangotseka maso ndikuona ana aja." Tinamuyankha mofulumira kuti apirire, achulukitse dua. Malangizowo sanali olakwa, koma tinawapereka tisanamumve. Iye anatithokoza mwaulemu, ndipo sanatilemberenso kwa miyezi iwiri.

Mwana wotereyu alibe kolirira. Kumudzi amamutcha kale "adokotala", ndipo foni yake imangolira: uyu akufunsa za mankhwala a shuga, uyo akufuna ndalama ya ukonde. Kuntchito amaopa kuoneka wofooka pamaso pa akuluakulu amene adzasaine mapepala ake. Sukulu ya udokotala ya ku Blantyre inatsegulidwa mu 1991, ndipo kuyambira 2021 ili mu yunivesite ya KUHeS. Wotsiriza maphunzirowo amagwiranso miyezi 18 m'chipatala moyang'aniridwa asanaloledwe kuima payekha. Zaka zonsezi amaphunzira kuwerenga ululu pankhope za ena, wake akubisa.

Titakumana naye ku Limbe, anatisonyeza chimene chinamuthandiza. Anali mafunso asanu ndi anayi otchedwa PHQ-9, amene madokotala amafunsa odwala za milungu iwiri yapitayo: tulo, chilakolako cha chakudya, kutopa, kudziona wachabechabe, ngakhalenso maganizo ofuna kudzipha. Mafunsowa alipo m'Chichewa. Iye anali atawafunsapo anthu ambiri, koma usiku wina anadziyankhira yekha pa foni, popanda womuyang'ana. Chiwerengero chimene anapeza chinamuuza zomwe akanamuuza wodwala aliyense: pita ukaonane ndi mlangizi. Anayamba kulankhula ndi mlangiziyo polemberana, chifukwa kulemba kunali kopepuka kusiyana ndi kukhala pamzere pakhomo pamene anzake akanamuona.

Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri. Covid-19 itafika, ena mwa macheza amenewo anasamukira pa WhatsApp. Chomwe chimatikhudza n'chakuti kuseri kwa foniyo kumakhalabe munthu wodziwa kumvetsera.

Sitikuyamikira foni mopanda malire. Bandulo ndi yodula, netiweki imathawa, ndipo chinsinsi cholembedwa chingathe kujambulidwa n'kutumizidwa kwina. Komanso foni yomweyo ndi imene imamudzutsa kuti athamangire kuwodi. Mafunso a pa foni sachiritsa munthu, amangomulozera khomo. Amene wayamba kuganiza zodzipha afunika kuonana ndi dokotala tsiku lomwelo.

Ife tinasintha kalembedwe kathu. Lachisanu lililonse, tikatuluka ku Juma, timamulembera funso limodzi lokha, lakuti wagona bwanji sabata ino, ndipo sitionjezapo uphungu mpaka atayankha. Tinapemphanso mayi ake kunyanja kuja kuti abale ofuna malangizo a mankhwala aziyamba apita ku chipatala chapafupi. Mayiwo anadandaula kuti anthu adzati mwana wawo wayamba kunyada, koma anavomera.

Sabata yatha yankho lake linabwera nthawi ya Asri. Anati wagona maola asanu ndi limodzi, ndipo anafunsa ngati chambo chatsika mtengo kumudzi.