Mtengo Umene Udandilipirira Fizi

Kwathu ku Golomoti, kumunsi kwa mapiri a Dedza, m'munda mwa amayi mudali mitengo iwiri ya msangu. Umodzi udali chakumtunda, pafupi ndi njira yopita kudambo, pamene winawo udali pakatikati pa munda. Yonse idali ikuluikulu moti ife ana tinkachita kugwirana manja anayi kuti tizungulire tsinde limodzi. Agogo ankati ngakhale iwo adaipeza ili yaikulu kale. Lero watsala umodzi. Winawo udagwetsedwa m'chaka cha 1998, ndipo amene adachititsa kuti ugwe ndine.

Chaka chimenecho ndidali Fomu 2 pasukulu ina yogonera komweko. Bambo adali atatisiya chaka chapitacho, thonje la amayi silidachite bwino, ndipo tonse amene tidali ndi ngongole ya fizi tidauzidwa kuti tikaone msana wa njira. Nditakhala pakhomo sabata ziwiri, kudafika amuna awiri ochokera kunyanja amene ankafuna mtengo wosemera bwato. Adazungulira msangu wa pakati pa munda uja, naugogoda ndi msana wa nkhwangwa, kenaka natchula ndalama zimene zikadakwanira fizi yanga mpaka mayeso.

Madzulo ake amalume adaitanidwa, ndipo tidakhala pamphasa pakhonde la agogo. Agogo adamvetsera nkhani yonse ali chete, kenaka adati, "Mukadula umenewo, mwagwetsa nkhokwe."

Ine, poti ndidali nditayamba kudziona ngati wophunzira, ndidayankha mwachangu. "Agogo, mtengo sudyedwa. Komanso mitengo ya m'munda imangophimba chimanga ndi kuitana mbalame."

"Mphwangayu akunena zoona, amayi," adatero amalume. "Mwana abwerere kusukulu. Mitengo m'dziko muno njosatha."

Amayi sadalankhule kanthu mpaka moto utayamba kuzirala. Pomaliza adangoti, "Audule." Adagwetsa masiku awiri, ndipo ugwa, nthaka idanjenjemera mpaka kumudzi. M'mphanda mwake mudali chisa chachikulu cha nantchengwa, chimene mwini wake adali atachisiya kalekale, ndipo mudalowa kadzidzi. Chisacho chitaphwasuka, kadzidziyo adauluka masanasana akuombaomba nthambi, ana akumugenda. Amayi ena adalulutira kuti mbalame ya maliro yachoka. Ine ndidanyamula kachikwama kanga n'kubwerera kusukulu, mtima uli mbee.

Sindinganame kuti ndidadandaula nthawi imeneyo. Popanda ndalama zija, mwina sindikadakhala mphunzitsi, ndipo mwina sindikadalemba zimene mukuwerengazi. Koma akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zidanditengera zaka zinayi kuti ndidekhe ndi kuona chimene tidagulitsa tsiku lija.

Ndidafika kumudzi mu Febuluwale wa 2002, chaka cha njala yoopsa ija imene anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi. Amayi adanditengera kumunda osandiuza chifukwa. Titafika pamsangu wotsala uja, ndidaona chimanga chobiriwira bii, chachitali kuposa ine, china chitabereka ziwiriziwiri. Kubiriwirako kudali kozungulira ngati lichero, kulekezera pamene palekezera nthambi. Kenaka tidatsetserekera pamene padali chitsa chija. Chimanga cha pamenepo chidali chachikasu, chondilekeza m'chiuno, ndipo m'mizere mudali mutadzaza timaluwa tofiira ta kaufiti.

"Zaka ziwiri zoyamba pano padabereka bwino," adatero amayi, "kenaka padayamba kutha mphamvu pang'onopang'ono. Taona lero." Sadandidzudzule, ndipo kusandidzudzulako n'kumene kudandipweteka kwambiri. Chimanga chimene chidatiwolotsa chaka chimenecho chidachokera pansi pa mtengo umodzi uja. Ndidayamba kuwerenga mumtima madengu amene tikadakolola ikadakhala iwiri.

Kuyambira pamenepo, tchuthi chilichonse ndikabwera kumudzi ndinkatenga kampando n'kukakhala pansi pa msanguwo. Anthu ankaganiza kuti ndikuwerenga mabuku, koma ndinkawerenga mtengo. Chinthu choyamba chimene ndidazindikira ndi chimene mwana aliyense wa kwathu amachidziwa koma osachiganizira: msangu umachita zosemphana ndi mitengo inzake. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, pamene mitengo yonse ikuphukira, iwo umayoyola masamba n'kukhala mbulanda ngati wouma. Masambawo ndi ang'onoang'ono, ndipo akagwera pamizere yonyowa sachedwa kuwola. Motero chimanga chimalandira manyowa pa nthawi yeniyeni imene chikumera, komanso dzuwa limadutsa bwinobwino m'nthambi zopanda masambazo. Zimene ndidauza agogo zoti mtengo umaphimba chimanga n'zoona pa mango ndi bulugamu, koma pa msangu lidali bodza.

Mlangizi wina wa zaulimi adandifotokozera zimene zimachitika pansi pa nthaka. Msangu ndi wa banja limodzi ndi nandolo, mtedza ndi soya. M'mizu mwake mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakoka nayitulojeni kuchokera mumpweya, chakudya chomwe chija timachigula m'thumba la yureya. Mtengo umapatsa tizilomboto pokhala ndi chakudya, ndipo ito timaubwezera chonde. Kuwonjezera apo, muzu wake waukulu umapita pansi kwambiri kukatenga madzi ndi michere kumene mizu ya chimanga singafike, ndipo zonsezo zimabwerera pamwamba kudzera m'masamba. Kaufiti naye ali ndi khalidwe lake: amamata mizu yake pamizu ya chimanga n'kumayamwa, ndipo amakonda nthaka yoguga. N'chifukwa chake adakhamukira pachitsa paja koma pansi pa msangu wamoyo ankachita kusowa.

Mvula ikatha, mtengowo umavala masamba pamene dziko lonse likuuma. M'miyezi yozizira umachita maluwa, ndipo ukaima pansi pake m'mawa umamva phokoso la njuchi ngati galimoto lili patali. Nthawi imeneyo maluwa m'tchire amakhala ochepa, choncho njuchi zimadalira msangu kuti zidutse chilimwe. Ndi njuchi zomwezo zimene mvula ikabwera zimayenda m'maluwa a maungu, nkhaka ndi nyemba. Amayi, amene sadapite patali ndi sukulu, ankadziwa kuti duwa la dzungu limene njuchi sidalifike limangofota n'kugwa lopanda mwana.

Dzuwa likafika poswa mtengo, cha mu Sepitembala ndi Okutobala, msipu utatheratu, msangu umagwetsa zipatso zake zopotanapotana zofiirira. Mbuzi za mudzi wonse zimadziwa nthawi imeneyi kuposa kalendala. Mphepo ikangowomba, zimathamangira pansi pa mtengo kukalimbirana zimene zagwa, kenaka n'kugona pamthunzi mpaka dzuwa litapendeka. Ng'ombe nazo zimachita chimodzimodzi. Pamene zagonapo zimasiya ndowe, ndipo ndowezo anankafumbwe a ndowe ndi chiswe amazilowetsa m'nthaka. Mtengo umadyetsa mbuzi, mbuzi zimadyetsa nthaka, nthaka imadyetsa chimanga, chimanga n'kudyetsa ife. Nkhokwe imene agogo ankanena ija idali imeneyi.

Za kadzidzi uja ndidazimvetsa mochedwa. Amayi adandiuza kuti zaka zotsatira kugwa kwa mtengo, mbewa zidavuta kufukula mbewu chakumunsi kwa munda moti chaka china adabzala kawiri. Poyamba sindidagwirizanitse zinthu ziwirizi. Tsiku lina, pansi pa mtengo wina kudambo pamene pankagona kadzidzi, ndidatola timibulu taubweya timene mbalameyi imalavula ikadya. Nditaphwanya kamodzi ndi kamtengo, ndidapeza tizigaza ndi timano ta mbewa. Mbalame imene tidaigenda ndi kuilulutira ija ndi imene inkalondera munda wathu usiku popanda malipiro. Ndipo nayonso sikadakhala pamenepo pakadapanda nantchengwa amene adamanga chisa, ndipo nantchengwayo sakadamanga pakadapanda achule a kudambo amene ankadya. Ndikaganiza kuti chule wa kudambo ali ndi gawo pa nsima ya pakhomo pathu, ndimaseka ndekha, koma ndi mmene zilili.

M'chaka cha 2005 boma lidayamba ndondomeko ya makuponi a feteleza wotsika mtengo, ndipo amayi adalandira nawo. Malo a pachitsa paja adabiriwiranso, ndipo amalume adandiuza moseka kuti, "Waona, mphwanga? Msangu wako uja wabwera m'thumba." Sindinyoza feteleza, pakuti adapulumutsa mabanja ambiri ndipo ifenso timathira. Koma msangu wa m'thumba umafuna kuti uugule chaka ndi chaka, ufole pamzere, ndipo chaka chimene dzina lako lasowa m'kaundula, chimanga chimabwereranso kuchikasu. Wa m'thumba sudyetsa mbuzi, suitana njuchi, ndipo kadzidzi samangamo.

Phunziro lina lidabwera mu 2017, pamene mbozi zachilendo zija za mtundu wa ntchemberezandonda zidafalikira m'minda ya chimanga m'dziko muno. Mankhwala adali osowa ndi okwera mtengo. Ndidapeza mlongo wanga, amene tsopano ndiye amalima munda wa amayi, akuwaza msuzi wa usipa m'mitima ya chimanga. Ndidamufunsa ngati mbozi zimafa ndi msuzi. "Ayi achimwene," adatero, "msuziwu ndi woitanira nyerere. Zikabwera kudzanyambita, zimapezanso mbozi n'kuzikoka." Ndidagwada n'kuyang'anitsitsa, ndipo ndidaona nyerere zitagwira mbozi imodzi uku ndi uku, zikutsika nayo paphesi. Mlongo wangayo adaonjezera kuti mbali ya munda imene sadatenthe mapesi ndiyo idali ndi nyerere zambiri. Moto umene timayatsa posaka mbewa ndi posesa m'munda umapsereza ndi antchito athu omwe.

Pali chinthu chimodzi chimene amayi adachita osauza munthu. Mbewu ya msangu ili ndi khungu lolimba, koma ikadutsa m'mimba mwa mbuzi imamera mosavuta. Choncho chaka chilichonse timisangu tinkamera m'mizere, ndipo ife popalira tinkangotisadza ngati udzu chifukwa cha minga yake. Kuyambira chaka cha njala chija, khasu la amayi lidayamba kutilambalala. Ankazika kamtengo pambali pa kalikonse kuti aganyu asakadule. Lero m'mundamo muli misangu isanu ndi iwiri yoposa denga la nyumba, ndipo pansi pa ikuluikuluyo chimanga chayamba kale kusiyana ndi chinzake. Amayi adatisiya isadafike pamenepa. Ankadziwa kuti sadzadya za pansi pake, komabe ankaizikira timitengo.

Chaka chatha mwana wa mlongo wanga adasankhidwa kupita kusekondale, ndipo ndalama zidavuta monga zidavutira kwa ine. Ngati kuti adanunkhiza, anthu ena ocheka matabwa adafika kudzafunsa za msangu waukulu wotsala uja. Mlongo wanga adandiimbira foni kuti ndibwere, pakuti tsopano malume ndine. Tidakhala pakhonde lomwe lija, ngakhale mphasa idali ina. Mnyamatayo adalankhula mwaulemu koma mwachangu, monga ndidalankhulira ine. "Amalume, mtengowo wakalamba. Ukadzagwa wokha sitidzapezapo kanthu."

Ndidamuyang'ana ndipo ndidadziona ndekha. Sindikadamuuza kuti sukulu njopanda ntchito, pakuti ine ndemwe ndidaphunzira ndi ndalama za mtengo. M'malo mwake ndidamutenga m'mawa mwake kupita naye kumunda. Ndidamuonetsa pamene padali chitsa chija, pamene mpaka lero kaufiti sadatheretu. Ndidamuonetsa mbuzi za mayi ake zitagona pamthunzi, zonenepa pakati pa Okutobala pamene za m'midzi yopanda misangu nthiti zili pamtunda. Tidawerenga mbuzizo ndipo zidakwana khumi ndi zitatu.

Tidagulitsa zinayi pamsika, ine n'kuonjezerapo pang'ono za m'thumba mwanga, ndipo mnyamatayo adapita kusukulu. Pobwerera kumsikako ndidadzera kumunda ndekha. Mphepo idawomba, zipatso zingapo zidagwa, ndipo mbuzi zotsalazo zidadzambatuka kukalimbirana. Ndidaima pamenepo kanthawi ndikuganiza kuti msangu woyamba udalipira fizi kamodzi kokha, ndipo udalipira ndi moyo wake. Wachiwiriwu walipira uli chiimire, ndipo mng'ono wake wa mnyamatayu ali Sitandade 6.