Botolo la amalume ku Kanjedza

Amalume anga anagwira ntchito yoperekera zakudya ndi zakumwa pa hotela ina mu mzinda wa Blantyre kwa zaka zoposa 30. Ndi ndalama za ntchito imeneyi anandilipirira sukulu kuchokera Fomu 1 mpaka Fomu 4, ine ndikugona pabalaza m'nyumba yawo ya ku Kanjedza. Usiku akaweruka ankatifotokozera za alendo awo: uyu wabweza vinyo ati watentha, uyo wamwa botolo la mtengo woposa malipiro awo a mwezi wonse. Dzina lomwe silinkachoka pakamwa pawo linali Cabernet Sauvignon. Ankalitchula bwino kuposa mmene ankatchulira dzina langa la ubatizo. Komatu zaka zonsezo iwo ankangothirira ena, n'kumalawa madontho otsalira kukhitchini.

Mu Disembala 2023 amakwanitsa zaka 70, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti ndiwagulira botolo lawolawo. Nthawi yake inali yoipa. Mwezi wa Novembala ndalama ya kwacha inali itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katundu aliyense wochokera kunja anali atalumpha mtengo. Vinyo wa mphesa amene timaona m'masitolo mwathu muno, wambiri amachokera ku South Africa. Ine ndine mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera ku Phalombe, ndiye owerenga akudziwa kale mmene thumba langa lilili. Ndinapatula K20,000, mayi a kunyumba akundiyang'ana ndi diso lakumbali chifukwa feteleza tinali tisanamalize kugula.

Ndinatsikira mu Limbe. Mu sitolo yoyamba mnyamata wogulitsa atamva kuti ndikufuna vinyo wofiira anandipatsa 4th Street, amene atsikana amakonda pa maphwando. Si woipa, koma ndi wotsekemera, ndipo amalume ankati vinyo wotsekemera ndi wa anthu amene akusowa Sobo. Cabernet Sauvignon satsekemera. Mphesa zake ndi zazing'ono, za khungu lokhuthala, ndipo khungulo ndi limene limapatsa vinyoyu mtundu wofiira moderako komanso kamphamvu kena komanga lilime, ngati wamwa tiyi wowirira kwambiri wopanda shuga. Pokhala mphunzitsi wa Biology, chimene chimandisangalatsa n'chakuti mbewuyi inabadwa mwangozi m'minda ya ku Bordeaux ku France, mungu wa mitundu iwiri ya mphesa utakumana, Cabernet Franc ndi Sauvignon Blanc. Akatswiri a ku University of California, Davis ndiwo anatsimikiza zimenezi mu 1997 atayeza DNA. Chitsanzochi ndinachigwiritsapo ntchito m'kalasi, mwana wina n'kukauza makolo ake kuti aphunzitsi akuphunzitsa za mowa.

Mu sitolo yachiwiri ndi momwe ndinatsala pang'ono kugwa m'mbuna. Pawindo panali botolo lolembedwa bwinobwino Cabernet Sauvignon, chaka chake 2015, mtengo wake wotsika moti chenji chikanakwana kilogalamu ya nyama. Mwini sitolo anati, "Bwana, vinyo akamakalamba ndiye amakoma. Mwayi wanu uwu." Ndinali nditatulutsa kale ndalama. Koma botololo linali lofunda m'manja, pepala lake litayezuka ndi dzuwa la masana. Apo ndinakumbukira mawu a amalume, akuti vinyo amaopa zinthu ziwiri, dzuwa ndi kutentha, n'chifukwa chake ku hotela ankamusunga m'chipinda chamdima. Ankanenanso kuti vinyo amene amakoma akakhalitsa ndi wodula uja. Wa mtengo wapakati anapangidwa kuti amwedwe m'zaka ziwiri kapena zitatu. Botolo lotchipa la zaka 8, lowotchedwa pawindo mu Limbe, likanakhala viniga basi. Ndinabweza ndalama m'thumba, mkuluyo n'kutsala akung'ung'udza.

Ndinakwera minibasi ya ku Chichiri. M'sitolo yaikulu ya kumeneko mabotolo ali mizeremizere, ndipo munthu wochokera kumudzi mutu umaima. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali mpaka mlonda anayamba kundizungulira. Ndinkawerenga mapepala omata pa mabotolo, limodzilimodzi, ngati ndikuchonga mayeso.

Chimene ndinaona n'chakuti mtengo umatsatira dzina la dera. Botolo lolembedwa Stellenbosch limadula, chifukwa derali ndi lotchuka pa Cabernet. Lolembedwa Western Cape, kutanthauza kuti mphesa zasonkhanitsidwa kuchokera m'madera osiyanasiyana a chigawocho, limatsikirapo. Koma lamulo la ku South Africa ndi limodzi kwa onse: ukalemba dzina la mtundu wa mphesa pa botolo, mphesa zosachepera 85 peresenti zikhale za mtundu umenewo. Ndiye botolo lotsika mtengo lolembedwa Cabernet Sauvignon silikunama, ndi Cabernet ndithu. Kusiyana kwake n'kwakuti wodulayo nthawi zambiri amakhala atagonekedwa miyezi yambiri m'migolo yamatabwa, ndipo migoloyo ndi nthawiyo umalipira ndiwe wogula. Panalinso vinyo wa m'makatoni wolembedwa kuti dry red. Ameneyu ndi wosakaniza, wochuluka, woyenera pa chinkhoswe pomwe anthu ndi ambiri, koma sindikanapita naye kwa munthu amene anatsegula mabotolo zaka 30.

Nederburg wa ku Paarl ndinamugwira kawiri, koma anaposa ndalama zanga ndipo ndikanayenda wapansi kubwerera ku Phalombe. Ndinatenga wa Robertson Winery, wa chaka cha 2022, wochokera pa shelefu ya pansi pomwe kuwala sikufika. Ndinatsala ndi ya minibasi.

Ku Kanjedza ndinapeza azakhali ataphika nsima ndi nyama ya ng'ombe. Ataona botolo anafuna kuliponya mufiriji pamodzi ndi Fanta, ndipo msuweni wanga anafunsa ngati tisakanize ndi Coca-Cola. Amalume anadzuka pampando msanga kuposa mmene mawondo awo amalolera masiku ano. Analilanda, n'kulitembenuza, n'kuwerenga kutsogolo ndi kumbuyo magalasi ali pamphuno. Analola kuti likhale mufiriji mphindi 15 zokha, poti kunja kunali kotentha, kenako analitsegula n'kulisiya patebulo kuti, mwa mawu awo, lipume.

Ndinawapempha kuti akhale pansi, lero ndithire ndine. Dzanja linkanjenjemera ndipo ndinadzaza tambula mpaka pakamwa.

"Aphunzitsi, si thobwa ameneyu," anatero akuseka. Anapungulira theka mu tambula yanga, n'kupukusa yawoyo pang'onopang'ono, n'kununkhiza. Atalawa anakhala chete kanthawi, akuyang'ana khoma. Azakhali anasiya kupakula.

"Wagula zingati, mphwanga?"

Ndinawauza mtengo weniweni, ndi nkhani ya botolo la pawindo lija. Anagwedeza mutu.

"Sanakubere. Bweretsa nyamayo kuno, ameneyu amayenda ndi ya ng'ombe."

Anamwa matambula awiri okha. Wotsalayo anamutseka bwinobwino n'kukamubisa m'kabati ya kuchipinda kwawo, kuopa msuweni wanga ndi Coca-Cola wake.