Mowa wa Dima Sumwedwa Ntchito Isanathe

Namondwe Freddy atawomba m'mwezi wa Marichi 2023, khoma la nyumba yanga kuno kwa Nchilamwela linang'aluka, denga nkuyamba kudontha. Ndinaitana mmisiri wina, mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha mu Sitandade 8. Poti ndinkamuyesa mwana wanga, ndinampatsiratu ndalama zonse, zotapa ku penshoni yanga.

Anachotsa malata a chipinda chimodzi, nagumula khomalo, namanga mizere isanu ya njerwa. Kenaka zii! Ndinangomva kuti wayamba ntchito ina ku Luchenza. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma ovumbwa tinali ine ndi mayi a kunyumba, pamene chiperoni cha mu Juni chinkalowa m'nyumba mosagogoda. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mtengo wa simenti nkukwera.

Ndinakadandaula kwa amfumu. Pabwalo mnyamatayo anagwada nati, "Aphunzitsi, ndalama zija ndinadya." Amfumu anagamula kuti amalize ntchito osalandiranso kanthu, koma simenti yotsala ndinagula ndine, pa mtengo watsopano.

Makolo athu anali anzeru. Pa dima, mowa unkadikira kuti munda ulimidwe, makasu agone pansi. Ine, amene ndaphunzitsa miyambi zaka zambiri, ndinatulutsa mowa khasu lisanakhudze nthaka. Woyamba kulakwa ndinali ine.

Tsono abale anga, mmisiri muzimlipira pang'onopang'ono: maziko akatha, khoma likakwera, denga likakhomedwa. Ngakhale akhale mwana wobala nokha.