Makoma a ku Tiébélé

Tinanyamuka m'tauni ya Pô, kum'mwera kwa Burkina Faso, n'kulowera kum'mawa mpaka ku Tiébélé, kufupi ndi malire a Ghana. Kumeneko kuli bwalo la mfumu ya anthu a mtundu wa Kassena, lomwe lakhalapo kuyambira zaka za m'ma 1500. Bungwe la UNESCO linalilemba m'kaundula wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2024.

Tinjira ta m'kati n'topapatiza, ndipo khoma lililonse lili ndi zojambula. Pena ng'ona, pena njoka kapena buluzi, pena ukonde wa nsomba, komanso timizere tosongoka toimira zidutswa za chikho chosweka. Nyumba yozungulira ndi ya mnyamata wosakwatira, yamakona anayi ndi ya banja latsopano, pomwe agogo amagona m'nyumba ya zipinda ziwiri zozungulira zolumikizana. Khomo lake n'lalifupi, umalowa chokwawa, kenaka n'kudumpha kakhoma kena m'kati. Kale mdani sankalowamo mwachisawawa.

Pomwe ndinaima nthawi yaitali ndi pakhoma lomwe amayi ankakonza. Omanga nyumba ndi abambo, koma ojambula ndi amayi, ndipo amagwirira limodzi mvula isanayambe. Amamata dothi losakaniza ndi ndowe, kenaka n'kupaka katondo wofiira. Utoto woyera ndi dongo, wakuda ndi mwala wopera, ndipo mizere amaikoka ndi nthenga za nkhanga. Akatha amakwecha khoma ndi mwala wosalala, monga achitira amayi athu pozira, n'kuwazapo madzi ophikira makoko a mtengo wa néré kuti lilimbe. Mayi wachikulire ndiye ankatsogolera. Atsikana ankatsata dzanja lake.

Zonsezi mvula imazikokolola. Pakapita zaka zochepa utoto umazilala, khoma limayamba kuyoyoka, dothi n'kubwerera pansi pomwe linakumbidwa. Ine sindiona kuti n'kutaya mphamvu. Chifukwa khoma limafufutika, amayi amayenera kukumananso, ndipo mwana amadziwa komwe kumapezeka katondo wabwino, komwe kuli dongo loyera, ndi nyengo yotola makoko.

N'chifukwa chake mtima unandiwawa potuluka. Kunja kwa bwalo nyumba za simenti ndi malata zikuchuluka, ndipo ena ayamba kujambula ndi phula m'malo mwa mwala wakuda. Sindikuwadzudzula, kuzira n'kotopetsa ndipo phula limakhalitsa. Koma mtsikana wokulira m'nyumba ya simenti sadzatumidwanso kukakumba katondo.