Foni yotchipa: musamangoyang'ana makamera

Abale anga, mukamagula foni yotsika mtengo, musakopeke ndi timaso titatu ta kamera tomwe tili kumbuyoko. Pa mafoni ambiri otchipa, kamera yogwira ntchito yeniyeni imakhala imodzi, tinato n'tongokometsera malonda.

Ndipo mkangano woti Tecno, itel kapena Infinix yabwino ndi iti usakutayitseni nthawi. Onsewa ndi ana a bambo mmodzi, kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, China. Chofunika ndi zam'kati.

Pabokosi pakalembedwa kuti RAM "4+4GB", yeniyeni ndi 4GB basi. Inayo amachita kubwereka ku malo osungira zinthu, ndipo imachedwa. Ya 2GB mukangotsegula WhatsApp, Facebook ndi TikTok, imayamba kuuma. Malo osungira asachepere 64GB, poti mavidiyo a m'magulu a kumpingo ndi akubanja amadzaza foni msanga. Batire ikhale ya 5000mAh, magetsi athuwa mukuwadziwa.

Musanapereke ndalama, imbani *#06# muone ngati nambala ya IMEI ikufanana ndi ya pabokosi. Wogulitsa akakana kulemba risiti, bwezani ndalama zanu m'thumba, muzipita.