Ndakatulo ya Pamtondo

Ndidakulira ku Bolero m'boma la Rumphi, kumene amayi anga ankasinja chimanga uku akuimba m'Chitumbuka. M'nyimbo zawo ankadzudzula bambo pa nkhani ya mowa, n'kumaitana mizimu ya makolo kuti ikhale mboni. Bambo ankamva zonse ali pakhonde, koma sankayankha.

Nditayamba uphunzitsi ndinkayesa kuti ndakatulo zenizeni ndi za amuna ophunzira monga Steve Chimombo, amene adatulutsa Napolo Poems mu 1987. Tsiku lina mtsikana wa Folomu 3 adandipatsa ndakatulo yake. M'menemo mudali mayi wosiyidwa ndi mwamuna wopita ku Joni. Mayiyo adakwera phiri kukafunsa Chikang'ombe, mzimu umene Atumbuka akale ankaupempha mvula, chifukwa chimene mvula imabwerera chaka ndi chaka pamene mwamuna sabwerera. Ine ndidalemba ndi inki yofiira kuti, "Mwasowa ulemu." Mwanayo sadandionetsenso ndakatulo ina.

Mu 2015 Upile Chisala, wokulira ku Zomba, adatulutsa buku lotchedwa soft magic, lokamba mosaopa za chikondi ndi ulemerero wa mkazi wakuda. Mdzukulu wanga atandiwerengera bukuli, ndidakumbukira amayi ali pamtondo, ndipo manyazi adandigwira. Chimene ndidachitcha mwano mwa mtsikana uja chidali cholowa chochokera kwa agogo ake.

Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Ine ndaona mochedwa kuti mawu a mwana wamkazi nawonso amatero.